Diso la legeni

Lolemba, 1 Seputembala, Langebaan

Ndikulemba nditafunda mabulangete awiri. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ku Cape Town kuno ndimagwira ntchito ya m'munda wa maluwa, masiku atatu pa sabata kwa mayi wina wachikulire amene tonse timangowatchula kuti Tannie, monga amachitira anthu a Chiafrikaans polemekeza mzimayi wamkulu. Chaka chino maso awo afooka, mtunda wautali sangayendetsenso galimoto, ndiye anandipempha kuti ndiwayendetse pa ulendo umene amayenda chaka ndi chaka. Tilipo anayi: Tannie, alongo awo amene timawatchula Oom, kutanthauza amalume, omwe anali aphunzitsi asanapume, mtsikana wina wa ku yunivesite wophunzira za zomera, ndi ine pachiwongolero.

Nditawauza achimwene ku Ntcheu pa WhatsApp kuti ndikupita kukaona maluwa sabata yathunthu, anangoyankha kuti, "Pepani, maliro a ndani?"

Kuno nyengo n'zotembenuka. Mvula imagwa m'miyezi yozizira, Juni ndi Julayi, pamene kwathu tikutonola chimanga tikuwotha moto. Disembala akafika dziko limauma gwa. Choncho zomera za m'tchire zili ndi masabata owerengeka oti ziphuke, zichite maluwa, zigwetse mbewu, dzuwa lisanaziwotche. Lero, pa 1 Seputembala, anthu a kuno amati ndi Spring Day. M'Chichewa chimene chikuyandikira ndi nthawi ya mphukira ija, pamene mitengo ya tsamba imavala masamba ofiira mvula isanagwe n'komwe.

Koma tsikulo latinamiza. Tanyamuka kuli mitambo, tatsata msewu wa R27 kulowera kumpoto, takhota kupita cha ku Darling, pa kamunda kosungidwa kotchedwa Tienie Versfeld. Matope okhaokha. Maluwa analipo, zikwizikwi, koma onse atatseka ngati maambulera opinda. Tannie anati popanda dzuwa, ndiponso kutentha kukapanda kufika madigiri 18 kapena kuposerapo, ambiri satsegula, ngakhale uwapempherere. Anafuna kundionetsa kaduwa kamene amakatchula kelkiewyn, kofiirira ngati biriwita kunja, pakati pake kofiira ngati kapu ya vinyo, koma tinangopeza timphundu tosatsegula. Mtsikana uja anagwadabe m'matopemo n'kutijambula.

Chimene chinapulumutsa tsikuli ndi mbalame ziwiri zazitali, zotuwa, m'munda wa tirigu m'mbali mwa msewu. Ndi blue crane, mbalame ya fuko la South Africa, ija inali pa kandalama ka 5 senti. Nthenga zake za m'mapiko zimakwekwereka pansi ngati mkanjo wa abusa. Imodzi inatola kaudzu n'kukaponya m'mwamba, n'kudumpha. Oom anandiimitsa galimoto mwadzidzidzi moti wa kumbuyo kwathu anatiimbira hutala yachipongwe.

Oom ali ndi ntchito yawoyawo pa foni. Dziko lonse linagawidwa m'timabokosi ta pamapu totchedwa pentad, kalikonse pafupifupi makilomita 9 m'litali ndi 8 m'lifupi, ndipo munthu ukalowa m'kabokosi umalemba mtundu uliwonse wa mbalame umene waona kapena kumva, kwa maola osachepera awiri. Ndi kalembera wa mbalame wotchedwa SABAP2, anayamba mu 2007, ndipo olembawo ndi anthu wamba osalipidwa. Ndiye tikamayenda amangofuula kuti, "Talowa kabokosi kena, tiyambirenso!"

Lachiwiri, 2 Seputembala, Langebaan

Kwacha bwino, thambo lili mbee.

Popeza maluwa ndi aulesi, sadzuka isanakwane 10 kapena 11 koloko, m'mawa tinaupereka kwa mbalame mu West Coast National Park. Tinayamba ku Geelbek, kumene kuli kanyumba ka matabwa kobisaliramo, kokhala ndi timawindo topyapyala. Ine wokulira kutali ndi nyanja yamchere ndinayenera kufotokozeredwa kuti madzi a kuno amakwera ndi kutsika kawiri patsiku. Ukafika atadzadza, mbalame palibe. Ukafika ataphweratu, zili kutali ngati timadontho. Oom anali atawerengeratu nthawi, ndipo tinakhala pansi matope akungoyamba kuonekera.

Ma flamingo aliyense angawakonde, sindichedwapo. Zimene zinandigwira mtima ndi timbalame totuwa tosaoneka bwino, tochepa kuposa njiwa, timene timangojompha m'matope ndi milomo yokhota pang'ono. Dzina lake curlew sandpiper. Timaswera ku Siberia, kumpoto kwenikweni kwa Russia, ndipo kuzizira kukayamba kumeneko timauluka makilomita opitirira 10,000 kudzadya nyongolotsi za ku Langebaan. Oom anati tina mwa timene tikuonati ndi tiana ta chaka chatha timene sitinabwerere kwawo, tinangokhalira konkuno, koma ena atatu anali ndi nthenga zofiira pachifuwa, chizindikiro chakuti angofika kumene ndi zovala za kwawo. Ndinati ndiye kuti nazonso zili ndi matchona ake. Nthabwalayo inandivuta kuimasulira, ndinangoseka ndekha.

Potuluka ndi pamene zinachitika zimene zasintha malo anga m'galimotomu. Tikuyenda pa kamlatho ka matabwa, ndinaona tiana ta mpheta tatuluka m'bango tonse nthawi imodzi, kulowera mbali imodzi. Ndinayang'ana kumene tikuthawako n'kuti, "Oom, kabawi uyo." Anatembenuza magalasi awo oonera patali, kenaka anagwira phewa langa mwamphamvu. Inali black harrier, yakuda bii, yoyera pamwamba pa mchira, ikuuluka motsika ngati ikufunafuna ndalama yotayika. Padziko lonse zatsala zosakwana 2,000, ndipo pafupifupi zonse zili kum'mwera kwa Africa kuno. Imamanga chisa pansi, m'zitsamba, imadya mbewa.

"Mwaiona bwanji musanaione?" anandifunsa choncho.

Ndinawauza zoona. Diso limeneli ndinaliphunzira ndi legeni, ndikuweta mbuzi. Mbalame suifunafuna. Umayang'ana nthambi imene ikugwedezeka mosemphana ndi mphepo, umamvera pamene timba wasintha kaliridwe. Ndinaulula kuti apumbwa, njiwa ndi atimba amene ndinadya ndili mwana sangakwane m'kabuku kawo, osanena za ulimbo. Tannie anakhala chete kanthawi. Kenaka Oom anati iwonso ali mnyamata anali ndi bokosi la mazira a mbalame amene ankafwamba m'zisa, ankawaboola n'kuwapemerera kuti atuluke zam'kati. Tinasiyira pomwepo, aliyense ndi mlandu wake.

Masana tinalowa ku Postberg, chigawo chimene amachitsegula mu Ogasiti ndi Seputembala basi. Magalimoto ndandanda. Abale, ndakhala ndikulima maluwa zaka zisanu ndi chimodzi, koma izi sindinazionepo. Kuchokera pamsewu mpaka kumiyala ya m'mphepete mwa nyanja, pansi ponse pali poyera ngati wina wayanika ufa wa mudzi wonse, ndipo mkati mwake muli zigamba zachikasu, zaolenji ndi zofiirira. Oyerawo amawatchula reënblommetjie, kaduwa ka mvula, chifukwa kakaona mitambo kamatseka. Pali kachinsinsi kamene Tannie anandiphunzitsa: maluwawa amayang'ana dzuwa, ndipo kuno dzuwa limadzera kumpoto, ndiye uziyenda dzuwa lili kumsana. Ndinayesa kutembenuka, ndipo munda womwewo unasanduka wotuwa, ndikuona misana ya maluwa yokhayokha.

Nchefu zinagona pakati pa maluwawo zikubzikula, osalabadira makamera. Kawiri ndinaima kuti fulu awoloke msewu.

Lachitatu, 3 Seputembala, Lambert's Bay

Ku Velddrif, m'mbali mwa mtsinje wa Berg, kuli kamsewu kafumbi kotchedwa Bokkomlaan. Fungo lake linandifikitsa ku Senga Bay ndisanatsike m'galimoto. Bokkom ndi nsomba zazing'ono zimene amaziviika mumchere n'kuzimanga m'mitolo, n'kuzipachika kuti ziume ndi mphepo. Eni ake amadya ndi buledi ndi jamu, zimene ine sindingavomereze. Ndagula mtolo umodzi, ndikauviika m'madzi usiku wonse kuti mchere uchepe, ndikauphika ndi tomato ndi anyezi monga anthu amachitira. A vuwo anali pomwepo pamadzi, kudikira zotaya.

Madzulo tinafika ku Bird Island. Ndi kachilumba, koma umapitako wapansi pa khoma la simenti la padoko, mafunde akukuwaza. Usanaone kanthu umayamba wamva phokoso, kenaka fungo, fungo loti khola la nkhuku n'lonunkhira. Kenaka ukakwera m'kanyumba koonera, pansi ponse pali mbalame zoyera za mitu yachikasu, zothithikana moti yotera imagwera pamutu pa inzake n'kulandira milomo. Ndi Cape gannet, kuno amati malgas. Padziko lonse zimaswera pa zilumba zisanu ndi chimodzi zokha, zitatu ku Namibia, zitatu ku South Africa, ndipo ichi ndi chokhacho chimene munthu ungafikepo wapansi. Ino ndi nthawi yomanga zisa, ndipo chisacho ndi kamulu ka zitosi zawo zomwe. Dzira limodzi basi. Mwamuna akabwera kunyanja, iye ndi mkazi wake amaimika makosi n'kumagundanitsa milomo, ndipo Tannie anati amenewo ndi malonje.

Zitosi zimenezi kale zinali chuma. Ankazipala n'kukagulitsa ngati feteleza, mpaka ma penguin, amene ankakumba mauna awo m'zitosimo, anasowa pobisa mazira. Oom anasimbanso za mu 2005, pamene ma seal, zinyama za m'nyanja zonga akatumbu akuluakulu, anayamba kukwera pachilumbapo n'kumagwira mbalame pazisa. Gulu lonse linathawa, pachilumba panatsala zii, ndipo tauni inataya alendo. Anthu anaumba mbalame zabodza n'kuziika pamalopo, zenizeni zitaona zinzawo zakhala phee zinayamba kubwerera. Msampha umenewu ine ndimaudziwa. Ifenso tinkamangirira njiwa imodzi kuti iitane zinzake, kungoti cholinga chinali china.

Lachinayi, 4 Seputembala, Nieuwoudtville

Tsiku la msewu. Clanwilliam tinangomwa tiyi wa rooibos, amene amalimidwa m'mapiri a komweko, n'kupitirira pa N7.

Kupitirira Vanrhynsdorp kuli chigwa chotchedwa Knersvlakte. Amati dzinalo linachokera ku kukukuta kwa mawilo a ngolo pa timiyala. Ukayang'ana uli m'galimoto ungati palibe chamoyo, timiyala toyera tokhatokha ngati matalala. Mtsikana uja anatiuza kuti tigwade. Pakati pa timiyalapo pali tizomera tonenepa, tamasamba awiri ozungulira ndi kamng'alu pakati, ndipo dzina lake ndi bababoudjies, kutanthauza timatako ta khanda. Ukakaona sungatsutse. Timiyala toyerato timabweza dzuwa, nthaka siitentha kwambiri, ndi chifukwa chake tizomerati timakhala pamenepo osati pena.

Ndinafuna kuika chithunzi pa Facebook ndi dzina la malo, mtsikanayo anandiletsa. Kuyambira cha m'ma 2019 anthu akhala akuzula tizomera ta mtundu uwu, makamaka totchedwa Conophytum, m'matumba m'matumba, kutumiza kwa ogula a kunja okonda kukongoletsa mawindo. Tina timamera paphiri limodzi lokha padziko lonse, ndiye anthu awiri ndi sikuludiraiva angathe kumaliza mtundu wonse usiku umodzi. Akuba amafufuza malo pa zithunzi za pa intaneti, n'chifukwa chake pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti la zithunzi za zomera ndi nyama pamene iye amaika zake, malo enieni a zomera zosowa amabisidwa. Omangidwa kawirikawiri ndi anyamata osauka a m'midzi yomweyi, wowatumayo ali phee kutali.

Ndinamuuza za chinaka, chimene a ku Zambia amati chikanda, kuti ndi timizu ta maluwa a orchid, ndipo ku Nyika anthu amakumba mobisa chifukwa msika wake ndi waukulu. Ankadziwa kale za chikanda kuchokera m'mabuku, koma anali asanakumanepo ndi munthu woti anadyapo. Anandifunsa kakomedwe kake. Ndinati n'chokoma, ndipo vuto lake ndi lomwelo.

Kenaka tinakwera Vanrhyns Pass, msewu wokhotakhota pachiphedi, giya yachiwiri. Pamwamba mpweya unasintha, kunazizira, ndipo kunayamba kubiriwira.

Lachisanu, 5 Seputembala, Nieuwoudtville

Katauni aka n'kakang'ono, tchalitchi cha miyala, misewu yochepa, nkhosa. Koma anthu a zomera amakatchula likulu la dziko lonse la maluwa a mizu yonga anyezi. Kunja kwake kuli Hantam National Botanical Garden, imene inali famu ya nkhosa yotchedwa Glenlyon, ya Neil MacGregor, mpaka bungwe la boma la SANBI linaigula mu 2007. Musaganize za munda wa mabedi ndi timipanda ngati umene ndimasamalira ine. Palibe anadzalapo kanthu. Ndi tchire basi, lokhala ndi tinjira.

Ku Postberg umaima n'kuyang'ana kutali. Kuno umayang'ana pamapazi ako, ndipo umaopa kuponda. Pamalo pamene mungayale mphasa imodzi mtsikana uja anawerenga mitundu khumi ndi iwiri, ine ndikugwira kope. Pali katstert, mchira wa mphaka, woimirira ngati miuni yaolenji pa dothi lofiira la makande. Pali satynblom, lofiira lonyezimira ngati nsalu ya ukwati, lakuda pakati, ndipo m'kati mwake munagona tizikumbu taubweya tokhutira ndi mungu. Dothi likasintha, kuchoka pa lofiira kupita pa lotuwa, maluwanso amasintha pomwepo ngati pali malire a mfumu.

Paliponse panali maenje ang'onoang'ono, ndipo awa sindinafunse munthu. Ndi nungu. Ndinatola munga wake n'kuwauza mmene inkatithera chinangwa, ndi mmene agogo ankaitchingira ku una. Mtsikanayo anati kuno nungu ndi mlimi. Ikafukula muzu waukulu n'kudya, tiana ta muzuwo timayoyokera m'dothi lofewalo, ndipo dzenjelo limakola madzi ndi mbewu zouluka ndi mphepo. Chaka chamawa pamene panali dzenje pamamera mothithikana kuposa pena. Ndikanawauza agogo zimenezi akanandithamangitsa ndi mpini.

Chimene anadzera mtsikanayu ndi ntchentche. Pafupi ndi timapiri ta miyala yakuda pamamera kaduwa kofupika kotchedwa Lapeirousia oreogena, kabiriwita kowala, kokhala ndi timizere toyera tonga mivi toloza pakati. Khosi lake ndi kapaipi kakatali kopyapyala, timadzi totsekemera tili pansi penipeni, moti njuchi singafikepo. Imafikapo ndi ntchentche ina ya mlomo wautali kuposa thupi lake. Ofufuza ena anayesa kupaka inki pa timizere toyerato, ndipo ntchentchezo zinkabwera koma n'kulephera kulasa pakhomo. Ndiye mivi ija ndi zikwangwani zenizeni.

Tinagona chafufumimba pa dothi lozizira kudikira. Theka la ola, palibe. Oom anatopa n'kupita kukalemba mbalame zawo. Kumwamba kambalame kena kotuwa, clapper lark, kankakwera kakuwomba mapiko kuti phaphaphapha, kenaka n'kutsika ndi kamluzu kamodzi kakatali. Kali ndi mbale wake kwathu amene amachita chimodzimodzi m'tsala, anyamata oweta ng'ombe mukukadziwa. Ndinayamba kuwodzera. Kenaka ndinamva kulira kwina, kosiyana ndi kwa njuchi, kokwera pang'ono, kuchokera kumanzere. Ndinamukodola mtsikanayo ndi chala osayankhula.

Inabwera. Yotuwa, yaubweya, itaima m'malere ngati choso, kamlomo kali lende ngati singano yosokera matumba. Inaloza, inalowetsa, inatulutsa, n'kupita pa duwa lina. Maluwa asanu, mwina masekondi khumi, basi yapita. Mtsikanayo manja ankanjenjemera moti zithunzi zake zonse zinatuluka zosaoneka bwino, chabwino ndi chimene ndinajambula ine pa foni yanga yosweka galasi. Ndinamuuza kuti kwathu timati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anandilembetsa m'kope lake, pansi pa dzina la Chilatini.

Usiku Oom anandionetsa mapu a kalembera uja pa kompyuta. Cape Town yonse ndi yodzadza mitundu, timabokosi tina talembedwa kambirimbiri. Anakwera nawo mapuwo mpaka ku Malawi. Lilongwe, Zomba, Liwonde ndi malo ena a alendo pali kanthu, koma timabokosi tambiri n'topanda kanthu. Tinafufuza ka kumudzi kwathu. Ndinayamba kuwatchulira zimene ndikudziwa kuti ziliko, nkhwali, nanchengwa, namzeze, kadzidzi, mwiyo, iwo akufufuza m'buku kuti tigwirizanitse maina ndi zithunzi. Tinafika makumi atatu ndi mphambu tisanagone. Anati zimenezo sangazilembe, kalemberayo amafuna munthu akhale ali pamalopo tsiku limenelo.

Loweruka, 6 Seputembala, Nieuwoudtville

Mvula ndi mphepo tsiku lonse. Tinafuna kupita ku Gannabos kukaona nkhalango ya mitengo ya kokerboom, ya mtundu wa aloe, koma dothi la kuno likanyowa ndi sopo, ndipo ndinakana kuyendetsa. Oom anakwiya pang'ono, Tannie anandiikira kumbuyo.

Ndinaimbira amayi. Akuti kumudzi kwayamba kutentha, anthu ayamba kusosa, ndipo mango achita maluwa ambiri chaka chino, zimene sizinawasangalatse, paja amati mango akachuluka ndiye kuti kukubwera njala. Nditawafotokozera Tannie, anatulutsa makope awo akale m'chikwama, ena a zikuto zothetheka. Chaka chilichonse amalemba tsiku limene aona duwa lakutilakuti koyamba, tsiku limene amva mbalame yakutiyakuti koyamba. Anandifunsa ngati amayi amalemba zawo. Ndinati ayi, amasunga m'mutu, ndipo sindinawamvepo atasokoneza chaka.

Lamulungu, 7 Seputembala, Cape Town

Ndinadzuka m'mamawa kukapukuta galimoto. Pa chithaphwi cha pageti panali mbalame ziwiri zikutapa matope ndi milomo, mitu yofiira, zifuwa za timizere, michira ya mphanda. Zinkauluka nawo kupita pansi pa denga la khonde, pamene panali chisa chakale chogumuka, chooneka ngati chiphanda chokhala ndi khosi. Ndinathamanga kukagogoda kwa Tannie, ndinaiwala kuti sinakwane 7 koloko.

Anatuluka ndi gauni, anayang'ana, anati ndi greater striped swallow, ndipo chaka chino anali asanaione. Miyezi yozizira imakakhala kumpoto, ku Angola, Congo, Zambia ndi Tanzania, n'kubwerera kuno kudzaswa, kawirikawiri pa chisa chomwe chija. Ndinati ndiye kuti mwina yadutsa ku Chipata, pakhomo penipeni pa kwathu. Anandipatsa kope ndi cholembera, akuti magalasi awo awasiya m'chipinda. Ndinalemba tsiku, malo, ndi dzina lachingerezi monga anandiuzira. Anati ndilembenso la kwathu pambali pake. Ndinalemba kuti namzeze.

Tinatsika Vanrhyns Pass dzuwa lili kumsana, ndipo m'mbali mwa N7 maluwa anali atatsegula kuyambira Klawer mpaka Citrusdal. Oom anagona njira yonse foni ili m'manja, timabokosi tikudutsa osalembedwa. Tafika madzulo ano. Bokkom ija ndaiviika kale.

Mawa ndi Lolemba, ntchito. Kuseri kwa nyumba ya Tannie, m'mbali mwa khoma, kwamera suring, kaudzu ka maluwa achikasu kowawasa ngati bwemba, kamene chaka chilichonse ndimakazula ndisanafunse. Potsika m'galimoto ndinawafunsa ngati ndikazule. Anati ndikasiye mpaka kafote kokha, khasu lidzalowe mu Okutobala.